Kodi maphunziro apadera olipira akusokoneza chilungamo m'sukulu za sekondale?

Mayi wa ana atatu

Ndikupempha kuti tikambirane nkhani imene makolo ambiri timangonong'onezana koma sitiilankhula poyera. Mwana akafika m'zaka zomaliza za sekondale, banja lililonse limene lili ndi kangachepe limayamba kufunafuna mphunzitsi wa patitaimu wa masamu, sayansi kapena chilankhulo, pamene ana amene makolo awo alibe ndalama amatsala ndi zokhazo zimene amva m'kalasi. Tsiku la mayeso likafika, onsewa amakhala m'chipinda chimodzi, amalandira pepala lofanana ndi nthawi yofanana, kenaka timauzidwa kuti amene wakhoza bwino ndiye wanzeru komanso wakhama. Ineyo ndimalipirira ana anga maphunziro apaderawa, choncho sindikuloza munthu chala, koma mtima wanga sukhazikika. Kodi boma liyenera kuletsa mchitidwewu, kapena tivomereze kuti umo ndi mmene dziko likuyendera?

Mphunzitsi wa masamu

Mayi, zikomo poyambitsa nkhaniyi, koma ndikupempha kuti tiyambe taona chimene chimachititsa kholo kutulutsa ndalama. M'kalasi yodzadza, mphunzitsi amayenda pa liwiro la silabasi, osati pa liwiro la mwana aliyense payekha. Mwana amene sanamvetse tizigawo ta manambala ali ku pulayimale amafika pa aljebura ali kale m'mbuyo, ndipo palibe mpata woti ndibwerere naye kumene anasocherako pamene ena onse akudikira kuti tipitirire. Mwana woteroyu akakhala ndi munthu wina madzulo, amene angamufunse funso lomwelo katatu popanda kumuseka, amatsitsimuka ndithu. Ndaona ana amene ankadziona ngati opanda mutu wa masamu atasinthiratu m'teremu imodzi. Kuletsa chithandizo chotere chifukwa chakuti ena sangachipeze sikumukweza mwana wosauka ngakhale pang'ono, kumangomutsitsa mnzakeyo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma

Aphunzitsi, zimene mwanenazi n'zoona, koma mwasankha mbali yokoma yokha. Pansi pa dzina limodzi la patitaimu pamabisala zinthu zosiyana kwambiri, ndipo tikaziphatikiza tidzangokangana mpaka kutopa. Wophunzira wa ku koleji amene akuthandiza mwana wa mnansi wake kuwerenga sindikumuona vuto. Amene amandidetsa nkhawa ndi mphunzitsi amene m'mawa amaphunzitsa kalasi pa malipiro a boma kapena a sukulu, ndipo madzulo amaphunzitsa ana omwewo, phunziro lomwelo, pa ndalama za makolo.

Pa zaka zimene ndinayang'anira sukulu, ndinaona mmene zimenezi zimayendera, ndipo sizifuna kuti mphunzitsi akhale munthu woipa mtima. Zimayamba pang'onopang'ono. Mutu wovuta umangokhudzidwa pamwamba m'kalasi, n'kumveka mawu akuti "zotsalazo tidzazimaliza madzulo". Mafunso a mayeso a pakati pa teremu amayamba kufanana ndi amene anaperekedwa kwa olipira. Mwana wolipira amadziwika ndi dzina, amafunsidwa mafunso m'kalasi, kope lake limachongedwa mosamala, pamene wosalipira amazimiririka kumbuyo. Pamenepa mwana wosauka sanangomanidwa chowonjezera ayi, walandidwa chimene chinali chake kale, chifukwa ola limene amayenera kuphunzira mokwanira lachepetsedwa kuti msika wa madzulo uyende.

Maiko ena anaziona zimenezi n'kuika m'malamulo. Ku India, lamulo la ufulu wa maphunziro la 2009, m'gawo 28, limaletsa mphunzitsi kuchita maphunziro apadera olipiritsa. Ku Kenya, lamulo la maphunziro la 2013 limaletsa kuphunzitsa ana pa tchuthi, ndipo wolakwira akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa.

Mphunzitsi wa masamu

Ahedi, malamulo amenewo alipodi, koma funsani ngati mchitidwewu unatha m'maiko mwatchulamo. Malipiro a mphunzitsi akamatha mwezi usanafike pakati, lamulo lolembedwa papepala silimuletsa kufunafuna pothawira. Sindikuikira kumbuyo amene amabisa dala maphunziro, chifukwa kumeneko n'kuba, koma musatiike tonse m'gulu limodzi.

Bambo wotsatira nkhani za maphunziro

Popeza funso la Mayi linali lakuti boma liletse kapena ayi, ndi bwino tione dziko limene linayesa kuletseratu, lomwe ndi South Korea, chifukwa mbiri yake imayankha zambiri mwa zimene tikufunsana pano.

Dzikolo linayamba ndi kuchotsa mayeso olowera sekondale yoyamba kuyambira mu 1969, pofuna kupulumutsa ana aang'ono ku mpikisano woopsa. Mpikisanowo sunathe, unangosamukira pa mayeso olowera sekondale yapamwamba. Mu 1974 boma linayamba kugawa ana m'sukulu zapamwambazo popanda kuwasankha ndi mayeso a sukulu iliyonse, kuyambira m'mizinda ya Seoul ndi Busan, ndipo mpikisano unasamukanso n'kukaunjikana pa khomo la yunivesite. Kenaka mu Julaye 1980, boma la asilikali la Chun Doo-hwan linaletsa pafupifupi maphunziro onse apadera. Makolo opezeka akulipira mphunzitsi ankatha kuchotsedwa ntchito. Komabe maphunzirowo anapitirira mobisa, ndipo chifukwa mphunzitsi ankadziika pachiswe cholandira chilango, ankalipiritsa ndalama zambiri, moti amene anapitiriza kupindula anali olemera ndi odziwika okha, amene anali ndi nyumba zazikulu zobisalamo ndi anzawo owateteza. Boma linayamba kufewetsa lamulolo pang'onopang'ono, ndipo mu 2000 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti chiletsocho chinkaphwanya ufulu wa makolo wophunzitsa ana awo.

Lero sukulu zamadzulo zimene iwo amazitcha hagwon zili paliponse, ndipo dera la Daechi-dong mu Seoul limadziwika chifukwa cha kuchuluka kwake. Boma la mzindawo linachita kuika lamulo loti zizitseka 10 koloko usiku kuti ana azigona. Malinga ndi chiwerengero cha boma lawo, mu 2023 mabanja anawononga ndalama zokwana 27.1 thililiyoni won pa maphunziro apadera, ndipo ana 78.5 pa 100 alionse ankachita nawo, ngakhale kuti chiwerengero cha ana asukulu m'dzikolo chikutsika. Chofunika kuchizindikira n'chakuti sukulu za boma ku Korea si zofooka, ndipo aphunzitsi awo salipidwa mochepa. Choncho kunena kuti patitaimu imabadwa chifukwa cha sukulu zoipa kapena malipiro ochepa okha sikukwanira. Imabadwa paliponse pamene tsogolo la mwana limadalira mayeso amodzi pamene malo abwino ali ochepa.

Wophunzira wa ku yunivesite

Bambo, mfundo yanu yomalizayo ndi imene ndimafuna kuti tiitsindike, chifukwa ndikuona kuti Aphunzitsi a masamu aja anailumpha. Iwo anati kuthandiza mwana mmodzi sikupweteka wina. Zimenezo zikanakhala zoona mayeso akanakhala ongoona ngati munthu wadziwa zinthu, monga mayeso oyendetsa galimoto, amene aliyense wofika pa mlingo amalandira chiphaso posatengera kuti ena akhoza bwanji. Koma mayeso omaliza sekondale amagwiritsidwa ntchito posankha. Ngati malo a maphunziro a udokotala ali owerengeka, mwana amene wakwezedwa ndi ndalama za makolo ake sakulowa pa malo atsopano, akulowa pa malo amene wina akanalowa. Amene watsalayo sadzadziwa n'komwe kuti anatsala chifukwa chiyani, adzangokhulupirira kuti anali wopanda nzeru.

Ine sindinachitepo patitaimu chifukwa kunalibe wondilipirira, ndipo ndinadutsa, koma sindikufuna kuti wina agwiritse ntchito chitsanzo changa ponena kuti wakhama amadutsa basi. Anzanga angapo amene ankandiposa m'kalasi anatsala ndi malikisi ochepa kwambiri, amene munthu wodziwa kayankhidwe ka mafunso akanawapezera m'milungu yochepa. Ndipotu zambiri zimene zimagulidwa madzulo si nzeru yatsopano, koma kudziwa kuti wochonga amafuna mawu ati, funso liti limabwerabwera, ndi pati pamene sipafunika kutayapo nthawi.

Mayi wa ana atatu

Mwana wanga, walankhula zimene zimandivuta ndendende. Kunena zoona, sindinayambe kulipira chifukwa chakuti ana anga ankalephera. Ndinayamba nditamva kuti anzawo onse a m'kalasi ayamba, ndipo ndinaopa kuti anga okha atsala. Ndikukhulupirira kuti makolo ena aja nawonso anayamba chifukwa choopa ife. Tonse tikanasiya tsiku limodzi, ana akanakhala pa mndandanda womwewo ndipo ndalama zikanatsala m'nyumba, koma ndani angayambe kusiya?

Bambo wotsatira nkhani za maphunziro

Mayi, funso lanulo ndi limene boma la China linayesa kuyankha mwa kulamula kuti onse asiye nthawi imodzi. Mu Julaye 2021 linalengeza ndondomeko yochepetsa ntchito yopatsidwa kunyumba komanso maphunziro apadera kwa ana a m'zaka zisanu ndi zinayi zoyambirira za sukulu, kuphatikizapo sekondale yoyamba. Makampani ophunzitsa maphunziro a pa silabasi anauzidwa kuti asamapange phindu, ndipo analetsedwa kuphunzitsa Loweruka, Lamlungu ndi pa tchuthi. Makampani aakulu anagwa mwadzidzidzi, ndipo New Oriental yokha inachotsa antchito 60,000 chaka chomwecho. Koma mayeso olowera sekondale yapamwamba, zhongkao, ndi olowera yunivesite, gaokao, amene ana oposa 13 miliyoni analembetsa kuti awalembe mu 2024, anakhalabe pomwepo. Makalasi otsika mtengo amene mabanja apakati ankakwanitsa ndi amene anasowa, pamene okhala nazo anayamba kuitana mphunzitsi kunyumba mwakachetechete, nthawi zina akumulemba ngati wantchito wolera ana. Zimene zinachitika ku Korea zaka 40 m'mbuyomo zinabwerezeka.

Agogo olera adzukulu

Ana anga, ine si wophunzira kwambiri ngati inu, koma ndikuona kuti mukuwerengera ndalama zokha. Kuli ana amene ngakhale mutawauza kuti maphunziro a madzulo ndi aulere sangapite, chifukwa akaweruka pali ntchito zowadikira kunyumba, pali ang'ono awo ofuna kuwayang'anira, kapena njira ndi yaitali ndipo kubwerera kutada n'koopsa, makamaka kwa mwana wamkazi. Banja likakhala ndi ndalama zokwanira mwana mmodzi yekha, limasankha, ndipo kawirikawiri wosankhidwayo si mtsikana. Chinanso n'chakuti ngakhale amene akupitawo ndimawamvera chisoni. Mwana wochoka m'bandakucha n'kubwera usiku, tsiku ndi tsiku, amapuma liti, nanga amacheza liti ndi abale ake?

Mphunzitsi wamkulu wopuma

Agogo, mwakhudza chinthu chachikulu. Mzinda wa Kota ku Rajasthan, m'dziko la India, umalandira achinyamata ambirimbiri chaka chilichonse amene amasiya makolo awo kukakonzekera mayeso a JEE olowera maphunziro a uinjiniya ndi a NEET olowera udokotala. Mu 2023 ophunzira oposa 20 anadzipha mumzindawo, ndipo mu Januwale 2024 unduna wa maphunziro wa dzikolo unatulutsa malangizo oti malo olipiritsa okonzekeretsa ana mayeso asamalembe ana osakwana zaka 16 komanso asamalonjeze makolo kuti mwana adzakhoza. Mabanja ena amakongola ndalama kuti mwana apite kumeneko, ndipo mwanayo amalemba mayeso atasenza ngongole ya banja lonse pamutu. Choncho si osauka okha amene amapwetekedwa, ngakhale kuti iwo ndi amene amapwetekedwa kwambiri.

Mphunzitsi wa masamu

Ndamva zonsezi, ndipo mfundo ya wophunzira uja yonena za malo owerengeka ndaivomereza. Koma ngati kuletsa kwalephera ku Korea ndi ku China, ndiye kuti njira yotsala ndi yopereka chithandizo chomwecho kwa amene sangachigule. Kuphunzitsa mwana payekha kapena m'kagulu kakang'ono kumagwiradi ntchito. Bungwe la Education Endowment Foundation ku England, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, limawerengera kuti kuphunzitsa mwana mmodzi payekha kumamupititsa patsogolo pafupifupi ndi miyezi isanu, ndipo kagulu kakang'ono ndi miyezi inayi, makamaka ngati maphunzirowo ndi afupiafupi, apafupipafupi komanso olumikizana ndi zimene akuphunzira m'kalasi. Ku Chicago, ku America, anayesa kuika chithandizo cha masamu mkati mwa tsiku la sukulu, wothandiza mmodzi ndi ana awiri, tsiku lililonse, ndipo ana a m'madera osauka anakwera moonekeratu. Kuchiika mkati mwa nthawi ya sukulu kumayankhanso nkhawa ya Agogo, chifukwa mwana sakufunika kubwerera usiku. Ku Patna, m'dziko la India lomwelo, Anand Kumar anayamba mu 2002 kutenga ana 30 a m'mabanja osauka chaka chilichonse n'kuwakonzekeretsa mayeso a uinjiniya kwaulere, ndipo ambiri ankakhoza, zimene zikuonetsa kuti nzeru zinalipo kale, chinkasowa ndi wowatsogolera.

Wophunzira wa ku yunivesite

Aphunzitsi, ana 30 pa chaka m'dziko la anthu oposa biliyoni ndi umboni wa kukula kwa vuto, osati wa kutha kwake. Ngakhale boma likalowererapo, zimadalira kuti ndalama zikhalapo mpaka liti. England inayambitsa ndondomeko ya National Tutoring Programme mu 2020 pofuna kuthandiza ana otsalira chifukwa cha Covid-19, koma thandizo la ndalama linkachepetsedwa chaka ndi chaka mpaka ndondomekoyo inatha mu 2024, pamene makolo olemera sanasiye kulipira ngakhale tsiku limodzi. Komanso mukapatsa mwana wosauka maola awiri aulere, wolemera adzagula anayi. Ndikugwirizana nanu kuti chithandizochi n'chofunika kuti mwana adziwe masamu, chifukwa kudziwako kudzamuthandiza m'moyo ngakhale asalowe yunivesite, koma pa nkhani ya kusankhidwa mpata udzakhalapobe.

Ine ndikuganiza kuti pofunika kukonza ndi pakhomo penipenipo. Ku Finland, kumene maphunziro apadera si ofala pa msinkhu wa sekondale, kuli makosi olipira okonzekera mayeso olowera udokotala ndi zamalamulo, chifukwa pamenepo ndi pamene khomo lili lopapatiza. Ku Texas, ku America, anakhazikitsa lamulo mu 1997 lopereka malo m'mayunivesite a boma kwa ana amene ali m'gulu la 10 pa 100 apamwamba pa sukulu yawo. Mwa njira imeneyi mwana amapikisana ndi anzake amene anali ndi aphunzitsi omwewo ndi mabuku omwewo, osati ndi wa kusukulu yokhala ndi chilichonse.

Mphunzitsi wamkulu wopuma

Mwana wanga, ganizo limenelo ndi labwino, koma nalonso lili ndi minga yake. Kholo la mwana amene wakhoza bwino pa sukulu yovuta, n'kutsala pamene wina wa malikisi ochepa walowa, lidzati lalakwiridwa, ndipo sudzalitsutsa mosavuta. Ndiponso mkati mwa sukulu imodzi momwemo muli olipira ndi osalipira, ndiye ngati malo a mwana m'kalasi ndi amene akutsegula khomo la yunivesite, mphunzitsi wogulitsa maphunziro kwa ana ake omwe wapatsidwa mphamvu zochuluka kuposa kale, popeza malikisi amachonga ndi iyeyo. Mayeso a dziko lonse, ngakhale ali ndi zofooka, ali ndi ubwino umodzi wakuti wochonga sadziwa mwana wa ndani walemba pepalalo. Ine ndikanakonda kuti mayesowo akhalebe, koma chinsinsi chonse chichotsedwe: mapepala akale, mayankho ake ndi malipoti a ochonga zifike kwa mwana aliyense kwaulere, zosindikizidwa, osati pa intaneti pokha.

Bambo wotsatira nkhani za maphunziro

Ahedi, zimenezonso Korea inaziyesa. Kuyambira mu 2004 wailesi ya kanema ya boma ya EBS inayamba kuulutsa maphunziro aulere okonzekera mayeso olowera yunivesite, ndipo mu 2010 boma linalengeza kuti mafunso 70 pa 100 alionse azichokera pa mabuku a EBS. Ana akumidzi anapinduladi chifukwa anadziwa choti awerenge, koma sukulu za hagwon zinangoyamba kuphunzitsa mabuku a EBS omwewo, ndipo mpikisano unasamukira pa mafunso ochepa ovuta kwambiri amene ankasiyanitsa ana apamwamba. Mu 2023 boma linalamula kuti mafunso oterewa achotsedwe, komabe ndalama zopita ku maphunziro apadera zinakweranso mu 2024 kufika pa 29.2 thililiyoni won. Sindikunena kuti ganizo lanu ndi lopanda ntchito, chifukwa limakweza amene anali pansi penipeni, koma tisayembekezere kuti lithetsa msika.

Mayi wa ana atatu

Ndiye zikuoneka kuti palibe amene angandilonjeze kuti msikawu udzatha, ndipo ine sindisiya kulipira chaka chino. Koma pali chimodzi chimene ndikuona kuti chili m'manja mwa makolo ndi sukulu popanda kudikira boma, chomwe ndi chimene Ahedi ananena poyamba. Mwa aphunzitsi awiri amene ndimawalipira, mmodzi ndi amene amaphunzitsa mwana wanga m'kalasi. Aphunzitsi a masamu, ndikufunseni mosabisa: kodi mungavomere lamulo loti mphunzitsi asalandire ndalama kuchokera kwa mwana wa m'kalasi yake?

Mphunzitsi wa masamu

Ndingavomere, Mayi, ngakhale kuti zindichepetsera ndalama, chifukwa ana a m'kalasi yanga ndi amene makolo awo amandidziwa n'kumandifuna. Koma ndiike zofunika ziwiri. Lamulolo lisandiletse kuphunzitsa ana a sukulu zina pa nthawi yanga yopuma, monganso antchito ena amaloledwa kugwira ntchito zapadera akaweruka. Chachiwiri, ngati sukulu ikufuna kuti ndikhale maola owonjezera ndi ana otsalira a m'kalasi yanga, indilipire ndi sukuluyo kuchokera m'thumba limodzi, ndipo ana asankhidwe potengera kufooka kwawo pa phunziro, osati potengera amene wasonkha.

Mphunzitsi wamkulu wopuma

Zofunika zanuzo ndi zomveka, Aphunzitsi, koma muonjezere chachitatu chimene ndinachiphunzira pa ntchito. Lamulo lotere likangokhazikitsidwa, aphunzitsi awiri a phunziro limodzi amagwirizana kusinthana ana: uyu amatumiza a m'kalasi yake kwa mnzake, mnzakeyo n'kutumiza ake kwa uyu, ndipo zonse zimapitirira monga kale popanda wophwanya lamulo. Choncho chiletsocho chiyenera kukhudza ana onse a pasukulupo, osati a kalasi imodzi yokha. Komanso mkulu wa dipatimenti aziyerekeza makope a ana ndi silabasi teremu iliyonse, ndipo makope oti aone azisankha yekha, makamaka a ana amene sapita ku patitaimu, chifukwa mmenemo ndi mmene mumaoneka ngati mutu unaphunzitsidwa wonse masana kapena unasungidwira madzulo.